Wotchi ya agogo ikugundabe, nanga yanuyo?

M'kabati mwanga muli kachitini kakale ka mabisiketi, ndipo m'kachitinimo mumagona mawotchi awiri. Yoyamba ndi ya malemu agogo anga aamuna, imene adabwera nayo kuchokera ku Joni m'chaka cha 1973 atamaliza kontalakiti yawo ya Wenela. Ndi Seiko yachitsulo, yopanda batire, ya mtundu uja umadzipukusa wokha munthu akamagwedeza mkono. Wotchiyi idalima nawo m'munda, idavumbwa nawo mvula, idamvera nawo milandu pabwalo la amfumu, idapita kumaliro osawerengeka mpaka idaperekeza mwini wake yemwe. Yachiwiri ndi yanga, smartwatch imene ndidagula mu 2021 ndi ndalama za tinkhani ndi ndakatulo za miyezi itatu. Dzina la kampani yake ndilisunga, pakuti matenda ndikunenawa si a khomo limodzi.

Mwezi wathawu ndidawatenga onse awiri kupita nawo kwa bambo wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ina mu Limbe. Mukuwadziwa anthu ake: kabokosi kagalasi patsogolo, kagalasi kokuza zinthu padiso, tizitsulo tosongoka ndandanda pakansalu. Ya agogo ija inali itayamba kutsalira mphindi zingapo pa tsiku. Madalawo adaitsegula kumsana, adaitsuka, adadonthezamo timafuta, adakhudza penapake ndi kansonga, basi idayambanso kuthamanga ngati kamnyamata. Kenaka ndidawapatsa yanga, imene idazima isanakwanitse zaka zitatu, osadzukanso. Adaitembenuza uku ndi uku, adaisuzumira m'mbali monse, nkundibwezera.

"Mwana wanga, iyi ilibe khomo. Amene anaipanga sanafune kuti munthu adzalowemo."

Mawu amenewa andisowetsa mtendere, abale anzanga, ndipo ndi amene andigwiritsa cholembera lero. Nkhani yanga ndi imodzi yokha. Otsatsa malonda atisokoneza mitu pa tanthauzo la mawu akuti kulimba. Iwo akati chinthu ncholimba amatanthauza kuti sichikandika, sichiopa madzi, sichisweka chikagwa. Makolo athu akati chinthu ncholimba amatanthauza kuti chikhalitsa, ndipo chikadwala chichiritsika. Njinga ndi yolimba chifukwa pamsika uliwonse pali munthu woisintha masipoko. Khasu ndi lolimba chifukwa mpini ukathyoka umasema wina. Tikayeza smartwatch pa muyeso umenewu, tipeza kuti ndi chimodzi mwa zinthu zofooka kwambiri zimene munthu wa m'tauni angatayirepo malipiro ake.

Ndisanapite patali ndinene poyera kuti sindine mmodzi wa anthu aja amaona chatsopano chilichonse ngati ufiti. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka nkakuthwadi. Ndidaivala wotchiyo zaka ziwiri ndi theka, ndipo ndidaikonda. Uli m'minibasi, mwapanikizana anayi pampando wa anthu atatu, foni ikalira sufunika kubaya mnzako ndi chigongono pofufuza m'thumba. Umangotembenuza mkono nkuona wakufunayo. Pa depoti, pamene kutulutsa foni nkudziitanira akuba, uthenga umauwerengera pamkono. M'mawa imakudzutsa pokunjenjemeretsa dzanja mwakachetechete, mwana osadzidzimuka. Foni ikabisala pansi pa mpando, wotchi imailiza. Imakuwerengera masitepe, imakuuza kuti wagona maola angati, imakukumbutsa kumwa mankhwala.

Zina nzazikulu kuposa apa. Kunsi kwa wotchi kuli timagetsi tobiriwira towala pakhungu. Magazi amameza kuwala kobiriwira, choncho mtima ukapopa magazi kuwala kobwerera kumachepa, ukapuma kumachuluka, ndipo wotchi imawerenga kugunda kwa mtima potsata kusinthasintha kumeneku. Kuyambira mu 2018 mawotchi a Apple adayamba kujambula kagundidwe ka mtima ndi kuzindikira kuti mwini wake wagwa, nkuitana thandizo ngati sakudzuka. Mu 2019 yunivesite ya Stanford ku America idatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 400,000 ovala mawotchiwa. Pafupifupi mmodzi mwa anthu 200 alionse adachenjezedwa kuti mtima wake ukugunda mosalongosoka, ndipo mwa amene adapimidwa bwino pambuyo pake, mmodzi mwa atatu alionse adapezekadi ndi vutolo. Izi si nthabwala. Alipo anthu amene adathamangira kuchipatala nthawi isanathe chifukwa cha kanthu kapamkonoka. Nchifukwa chake ndikupsa mtima: chida chabwino chonchi achipangiranji kuti chife msanga?

Tamverani mmene amazigulitsira. Akuti galasi lake ndi la sapphire, thupi lake ndi la titanium, imalowa m'madzi mamita 50. Pachithunzi akuonetsani munthu ali pamwamba pa phiri, thukuta kamukamu, wotchi ili phuliphuli. Tiyeni tisende mawuwa limodzi ndi limodzi. Pa muyeso wa kuuma kwa miyala, daimondi ali pa 10, sapphire pa 9, mchenga pa 7, galasi wamba pakati pa 5 ndi 6. Ndiye kuti fumbi la m'misewu yathuyi likhoza kukanda galasi wamba koma osati sapphire. Apo sakunama. Chimene satiuza mokweza nchakuti chouma kwambiri chimakhalanso chosachedwa kung'aluka. Kandani ndi mpeni mbale yadothi ndi mbale yapulasitiki, yadothi ipambana. Tsono zigwetseni zonse ziwiri pasimenti, muone yotsala.

Za madzi nazo zili ndi mchira. Mamita 50 aja satanthauza kuti mukadumphire pansi pa nyanja ku Cape Maclear. Amatanthauza kuti wotchi yatsopano, isanaone dzuwa, idayesedwa m'chipinda choyesera ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi osayenda akuya choncho. Kusambira pamwamba pa madzi ikhoza, kupitirira apo mwadziputira nokha. Ina amailemba IP68: nambala 6 ikunena za fumbi, 8 ikunena za kumizidwa m'madzi abwino odekha. Palibe nambala ya sopo, ya madzi otentha a m'bafa, ya mafuta odzola kapena ya perefyumu, chonsecho izi ndi zimene zimadya timphira ndi guluu wotchinga madzi. Kampani ya Apple yomwe imalemba m'malangizo ake kuti kusalowa madziku si kwamuyaya, kumachepa ndi nthawi, ndipo wotchiyo siyesedwanso kapena kumatidwanso. Ndani mwa ife adawerengapo timalemba timeneti asanapereke ndalama?

Koma ngakhale mutaisamala ngati dzira, osaigwetsa, osainyowetsa, imfa yake imachokera m'kati, ngati ya chimanga chogwa anankafumbwe. M'mimba mwa smartwatch muli batire la lithium laling'ono ngati chikhadabo, ndipo batire lotere limakalamba pang'ono nthawi iliyonse pamene latha ndi kudzazidwanso. Kutentha, konga kwa mu Okutobala kuja, kumafulumizitsa ukalambawo. Apple imanena yokha kuti batire la wotchi yake lidapangidwa kuti likatha ndi kudzazidwa maulendo 1,000 likhale litatsala ndi magawo 80 pa 100 a mphamvu zake. Werengani nokha: wotchi yofuna kutchajidwa tsiku ndi tsiku imafika pamenepo m'zaka ngati zitatu. Wotchi yawo yoyamba, ya mu 2015, idalonjeza maola 18 pa tchaji imodzi, ndipo mawotchi awo wamba adakhala pomwepo zaka pafupifupi 10. Maola 24 adafika mu 2025. Alipo a makampani ena, monga Garmin ndi Huawei, amene amatha sabata kapena kuposerapo, ndipo amenewo amakalamba mochedwerapo. Komabe njira ndi yomweyo, asiyana liwiro lokha.

Tayerekezani ndi kawotchi kakuda kapulasitiki kaja ambirife tidalembera nako mayeso, Casio F-91W. Kadatuluka mu 1989 ndipo mpaka lero akukapangabe. Batire lake, looneka ngati kakhobidi, limatha zaka pafupifupi 7, ndipo likatha madala a pakhonde aja amamasula masikuluwu anayi, nkuikamo lina, inu musanamalize botolo la zoziziritsa kukhosi. Kampani yomweyo ndi imene idatulutsa G-Shock mu 1983. Katswiri wake, Kikuo Ibe, wotchi imene bambo ake adampatsa idagwa nkusweka, ndipo adalumbira kupanga ina yosasweka. Adadziikira malamulo atatu: ipirire kugwa mamita 10, ipirire madzi akuya mamita 100, batire lithe zaka 10. Adaphwanya zoyesera zoposa 200 poziponya pawindo. Taonani bwino lamulo lachitatulo. Munthuyu adadziwa kuti kulimba kopanda moyo wautali nkulimba kwa bokosi la maliro.

Batire kukalamba si mlandu; chilichonse chimakalamba. Mlandu ndi wakuti m'mawotchi ambiri amakonowa adalitsekera ndi guluu kuseri kwa galasi, kotero kuti kulifikira nkuika galasilo pachiswe. Kumayiko kumene makampaniwa ali ndi masitolo awo, umapereka wotchi yakale ndi ndalama, iwo nkukupatsa ina. Kuno kwathu upereka kwa yani? Ndiponso batire lotsekeredwa likapsa mtima limapsera pakhungu la munthu. Mu Malichi 2022 kampani ya Fitbit idaitanitsa mawotchi ake a Ionic okwana 1.7 miliyoni pa dziko lonse chifukwa mabatire ena ankatentha mpaka kuwotcha anthu mikono. Tionjezerepo vuto lathu la tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima usiku wonse, mmawa mwake foni ili gone, wotchi ili gone, ndipo bwana wovala za pamwamba amafunsa nthawi kwa mlonda wovala Casio.

Imfa yachiwiri ndi yochititsa manyazi kuposa yoyamba, chifukwa imapha wotchi yamoyo. Smartwatch ndi kakompyuta, ndipo kakompyuta kamadalira mapulogalamu ochokera kwa mwini kampani. Tsiku limene kampani yaleka kuitumizira mapulogalamu atsopano, wotchi imayamba kutsalira: lero yakana kulankhula ndi foni yatsopano, mawa pulogalamu ina yasiya kutseguka. Mu 2015 Apple idagulitsa mawotchi agolide weniweni, ena pa mtengo wa madola 17,000. Mu 2018, patangopita zaka zitatu, pulogalamu yatsopano yoyendetsa mawotchi idatuluka yosalowa m'mawotchi amenewa. Mu 2023 kampani idawaika m'gulu la zinthu zotha ntchito, zimene sikonzanso. Golide sachita dzimbiri, koma wotchi yagolide idakalamba isanafike msinkhu wa mwana wa Sitandade 3.

Nanga Pebble? Mu 2012 anthu wamba adasonkha madola oposa 10 miliyoni pa intaneti kuti wotchi imeneyi ipangidwe. Mu Disembala 2016 kampani idatseka, katundu wake adagulidwa ndi Fitbit, ndipo mu 2018 makompyuta amene mawotchiwo ankadalira adazimitsidwa. Chidapulumutsa mawotchi amenewa ndi gulu la anthu odzipereka amene adamanga makompyuta awoawo, kufikira mu 2025 pamene Google, imene idagula Fitbit, idamasula mapulogalamu a Pebble kuti aliyense awagwiritse ntchito. Nkhaniyi idatha bwino, koma idatha bwino mwamwayi. Ya agogo ija siidikira mwayi. Kampani yake itatseka mawa, iyo ipitiriza kugunda osamva nkomwe za malirowo.

Pamwamba pa zonsezi, smartwatch ndi mkamwini wa foni. Imakhala pamudzi pa eni ake, imadya za eni ake, ndipo banja likatha imanyamula nkhwangwa yake nkuona msewu. Wotchi ya Apple imafuna iPhone basi. Mawotchi a Samsung otuluka kuyambira mu 2021 sagwirizana ndi iPhone. Foni yanu ikabedwa, inu nkugula ya mtundu wina malinga ndi thumba, wotchi yabwinobwino imasanduka chibangiri.

Ndikudziwa chimene anzanga a ma ofesi ayankhe. Ati, iwe mlakatuli, sayansi imathamanga, ndani akufuna wotchi ya zaka 10? Ati, popanda guluu madzi alowa, ndipo kanthu kakang'ono chonchi sikangakhale ndi khomo. Loyambalo ndiliyankha ndi funso: ngati munthu akufuna yatsopano, yakaleyo iferenji? Bwanji osapita kwa mng'ono wake, monga zimapitira njinga, wailesi ndi jekete? Lachiwirilo aliyankha okha eni ake. Mu 2023 Google idavomera kuti galasi la Pixel Watch likasweka panalibe njira yolikonzera, kunali kugula ina. Mu 2025 kampani yomweyo idatulutsa Pixel Watch 4 yomangidwa ndi masikuluwu, yoti batire ndi galasi zimasinthika, chonsecho ikadali ya mamita 50 omwe aja. Khomo lidapezeka bwanji tsopano? Pakati pa zaka ziwirizi pali lamulo limene mayiko a European Union adakhazikitsa mu 2023, lofuna kuti kuyambira mu 2027 mabatire a zipangizo zambiri azitha kusinthidwa. Ine sindikhulupirira kuti ndi chifundo chidagwera makampani. Ndikuona ngati ndi mkwapulo.

Tisaiwale kuti mchitidwewu uli ndi agogo ake. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu a magetsi, kuphatikizapo Osram ndi Philips, adakumana ku Geneva nkugwirizana kuti babu lisamayake kupitirira maola 1,000, ndipo wopanga lokhalitsa ankalipitsidwa chindapusa. Sindikunena kuti opanga mawotchi adachitanso msonkhano wotere. Safunika msonkhano. Wogulitsa chinthu chimene chimafa m'zaka zitatu amakuonani katatu m'zaka 10. Wogulitsa cha agogo chija adawaona kamodzi moyo wawo wonse. Masamu ake ngakhale mwana awatha.

Zonse ndanenazi ndi za mawotchi enieni, a anthu a ndalama zawo. Ambirife sitifikako, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene chimatifika ife ndi chija chadzadza m'mashopu ndi m'manja mwa mavenda: bokosi lokongola, dzina lalitali lothera ndi Ultra kapena Pro Max, malamba asanu ndi awiri amitundumitundu, kampani yake yosadziwika mudzi wake.

"Tengani iyi, bigi. Imayeza BP, shuga, mpweya, chilichonse. Chipatala chonse chili pamkono."

"Nanga ikafa?"

"Aaa, bwana, mwayamba kale za maliro? Ndi orijino iyi."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pano ndi pamene nkhani ya mawotchi imasiya kukhala ya ndalama nkukhala ya moyo.

Ndili ndi azakhali anga amene ali ndi matenda a shuga ndi BP. Mwana wawo wa ku Joni, mwa chikondi chenicheni, adawatumizira wotchi ya mtundu umenewu. Nditapita kukawaona ndidawapeza ali okondwa. Adati, "Mwanawe, pano ndinasiya kukafola ku chipatala m'bandakucha. Ndimangodina apa, iyo nkundiuza kuti zonse zili bwino." Adali atajomba sikelo yawo miyezi iwiri, ndipo mapiritsi ankamwa modumphitsa poti wotchi ikuti ali bwino. Ndidawapempha kuti andibwereke. Pakhonde panali chinangwa chosasenda. Ndidachimanga wotchi ija, nkudina. Timagetsi tidawala, kamtima kadavina pagalasi, ndipo patapita kamphindi tidauzidwa kuti chinangwacho chili ndi BP ya 120 pa 80, mtima wake ukugunda bwino, shuga alibe. Azakhali adaseka mpaka misozi. Kenaka adasiya kuseka. Mmawa mwake tidapita kuchipatala, ndipo manambala amene adatuluka pamakina a anamwino sindiwalemba pano. Ndingoti anamwinowo adatikalipira tonse awiri, ndipo adalondola.

Amene ali ndi m'bale wodwala shuga amve bwino apa. Mu Febuluwale 2024 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, lidachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kuboola khungu, pakuti lidali lisanavomereze ngakhale imodzi. Za BP nazo, mawotchi a Samsung amene amayeza amafuna kuti milungu inayi iliyonse uwafananize ndi makina enieni aja omanga pamkono. Tsono ngati kampani yaikulu chonchi ikufunabe makina a anamwino, kabokosi ka malamba asanu ndi awiri kadapeza kuti nzeru zoposa apo? Palinso nkhani ya khungu lathuli. Mu 2020 madokotala a yunivesite ya Michigan adapeza kuti timakina tapachala toyeza mpweya m'magazi, timene timagwiranso ntchito ndi kuwala, tinkaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Amenewo ndi makina a m'chipatala. Wovala wotchi yoyeza ndi kuwala ali ndi ufulu wofunsa kuti adaiyesera pa mikono ya yani.

Ngakhale manambala osaopsa aja tisawapembedze. Mu 2017 akatswiri a ku Stanford adayesa zipangizo zapamkono zisanu ndi ziwiri. Pa kugunda kwa mtima zambiri zidakhoza bwino, koma pa kuwerenga mphamvu zimene thupi latentha, yokhoza kwambiri idaphonya ndi 27 peresenti, yolephera kwambiri ndi 93 peresenti. Nawo masitepe 10,000 amene anzathu amazungulira nawo tebulo usiku kuti akwane sadachokere kwa dokotala. Adachokera pa dzina la kachipangizo kowerenga masitepe kamene kampani ina ya ku Japan idagulitsa mu 1965. Kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2019, pa amayi achikulire, adapeza kuti phindu limayamba kuoneka pa masitepe 4,400 ndipo limafika pachimake cha m'ma 7,500. Kuyenda nkwabwino, yendani. Koma mayi wochokera ku Ndirande wapansi kukagulitsa mandasi m'tauni safunika wotchi yomuombera m'manja.

Tsono mitembo ya mawotchiwa imapita kuti? Lipoti la mabungwe a United Nations lidapeza kuti mu 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Mu Africa muno sizidafike ngakhale 1 peresenti. Kwathu kuno wotchi yakufa imapita kudzala, Loweruka tikasonkha moto, batire nkuphulika, utsi wake nkupumidwa ndi ana osewera pafupi. Chowawa nchakuti zopangira mabatirewa zimachokera kuseri kwa nyumba yathu. Cobalt wochuluka wa pa dziko lonse, pafupifupi magawo 70 pa 100, amakumbidwa ku Congo, makamaka cha ku Kolwezi, ndipo malole ambiri omunyamula amadutsa pa Kasumbalesa kulowa mu Zambia. Lithium akukumbidwa ku Bikita mu Zimbabwe. Agogo anga adalowa pansi pa nthaka ku Joni nkubwerako ndi wotchi ya zaka 50. Adzukulu a anzawo akulowabe pansi pa nthaka, ndipo chobwerera kuno ndi wotchi ya zaka zitatu, kapena chithunzithunzi chake cha miyezi itatu.

Mlandu wina ndi wathu, tisanamizire azungu ndi Matchaina okha. Timagula ndi maso. Timafuna kuti tikakweza dzanja pamsonkhano anthu aone kuti nafenso tafika. Timachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka achimidzi, kuiwala kuti safunsa adadya phula. Ine ndikuti musanatulutse ndalama funsani mafunso anayi. Batire likatha alisintha ndani, kuti, pa mtengo wanji? Kampani yalonjeza mapulogalamu kwa zaka zingati? Ndikasintha foni, wotchiyi itsala pabanja kapena ipita? Lamba ndi tchaja zikaduka ndizipeza m'tauni muno? Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, bwezani chikwama m'thumba. Ndipo ikakhala yonena kuti imayeza shuga, pemphani kuti muiyese kaye pa chinangwa.

Kwa a Malawi Bureau of Standards, a Competition and Fair Trading Commission ndi a bungwe la ogula la CAMA, pempho langa ndi ili: kabokosi konena kuti kamayeza shuga ndi BP si chidole, nkofunika kukaunika monga momwe timaunikira sikelo ya wogulitsa nyama. Sikelo yonama imakubera theka la kilo. Wotchi yonama ikhoza kukubera mayi ako. Kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja: anyamata okonza mafoni m'misika yathu adadziphunzitsa okha kutsegula zimene eni ake adati sizitseguka. Apatseni maphunziro ndi zida, ndipo muwakhazike pafupi ndi madala a pakhonde aja luso lawo lisanapite nawo kumanda.

Pochoka ku Limbe tsiku lija ndidamanga ya agogo pamkono, yanga ndidaiponya m'thumba. Kunyumba mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, adaika khutu pagalasi lake nkufunsa kuti m'katimo muli kanyama kanji. Ndidamuuza kuti mulibe kanyama, muli tizitsulo timene munthu adapanga, ndipo munthu wina akhoza kutikonza. Adafunsa ngati adzaivale akadzakula. Ndidati inde, ndipo sindidaname. Kenaka adatulutsa inayo m'thumba langa, adaiika pakhutu, adaigwedeza, nkufunsa kuti nanga iyi.

Imeneyo ndidasowa chomuyankha. Inu amene mwaivala pamkono pamene mukuwerenga nyuzi ino, konzekeranitu yankho lanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.